Utsi wa Abrehet

M'chaka cha 1974, masamba atayamba kuyoyoka ndipo mphepo ikulasa m'mafupa, Abrehet anafika ku Perugia, mzinda wa Ataliyana, kuchokera kwawo ku Asmara, kudzaphunzira za mankhwala. Chitaliyana ankachiyankhula bwino, anachiphunzira kwa masisitere. Chimene masisitere sanamuuze n'chakuti chipinda cha lendi chimatha kupezeka kuti chatengedwa kale, mwini wake akangoona nkhope yako. Anagogoda makomo asanu ndi awiri, kukwera ndi kutsika masitepe a miyala a mzindawo, mpaka pa 16 Okutobala mayi Ersilia, amasiye okhala okha, anamulola kukhala m'kachipinda ka pamwamba penipeni, pansi pa denga.

Zambiri anazizolowera msanga. Koma khofi womwa chiimire, kamodzi n'kamodzi ngati mankhwala a malungo, anamukanika. Kwawo khofi amakazinga pamakala alendo ali pomwepo, n'kusinja, n'kuwiritsa katatu, ndipo wochoka asanamwe kapu yachitatu ndiye kuti wanyoza.

Lamlungu pa 3 Novembala anaitana Nigisti, mnzake wakwawo. Anakoleza makala m'chitini m'kachipinda kake, n'kuponyapo lubani, n'kuyamba kukazinga khofi m'chiwaya. Nigisti anamuseka kuti wanyamula Asmara yense m'sutikesi, wangoiwala amayi ake.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka, mayi Ersilia ali wefuwefu. Abrehet anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita wamkulu akalowa: ananyamula chiwaya chikufuka, n'kuwakupizira utsi kumaso kuti alandire fungo.

Mayiwo anatsokomola mpaka misozi. Analoza mitanda ya denga, nati yakhala zaka mazana anayi, yapulumuka nkhondo zingapo, ndiye ipse lero chifukwa cha khofi? Pofika pa 30 Novembala, anatero, chipindacho chikhale chopanda munthu.

Milungu iwiri Abrehet anayendanso m'makomo mvula ikumuthera pamsana. Kogona kwa Nigisti kunali kodzaza. Kuzizira kunkakulirakulira, ndipo ankadziwa kuti akasowa pokhala, sukulu yathera pomwepo. Pa 19 anatsika kukhitchini kukapepesa. Sanapemphe kanthu. Anangofotokoza kuti kwawo utsi uja umayambira kwa munthu amene ukumulemekeza kuposa onse. Mayi Ersilia anapitiriza kusenda anyezi osadzutsa mutu.

Lamlungu pa 24 mayiwo anaitana Abrehet ndi mnzake uja. Anali atasesa pamoto pakale pa m'khitchini, pamene pali chumuni.

"Mwanawe, ngati sungakhale osawotcha, wotchera apa, ine ndikuona."

"Nanga za pa 30 zija, amayi?"

"Kazinga. Mafunso ngati wapolisi."

Mayiwo anakhala pampando, ndowa ya madzi ili pamapazi. Atatha kapu yoyamba anati ndi wowawa koma si woipa, n'kudzuka.

"Amayi, zatsala ziwiri," anatero Nigisti.

"Kodi kwanuko anthu ntchito alibe?"

Anakhalanso pansi. Yachitatu anaimaliza akusimba za malemu amuna awo, amene ankakonza mawotchi koma kutchalitchi sanafikeko pa nthawi ngakhale tsiku limodzi.

Pa 30 Novembala padafika n'kudutsa, palibe anatchula. Abrehet anakhala m'nyumbamo zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo Lamlungu lililonse mayi Ersilia ankadandaula kuti makatani awo akununkha. Atamaliza maphunziro, kwawo kunali nkhondo, ndiye ntchito anakaipeza ku Khartoum. Mayiwo anakana kumuperekeza kusiteshoni, ati mawondo akuwawa. Anachoka pa 27 Juni 1979.