Khosi la apongozi anga

Ntchito yanga yoyamba inabwera nditatopa kale kuidikira. Nditamaliza maphunziro a ukilinikala ofisala ku Lusaka ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, mpaka dzina langa linatuluka pa mndandanda wa olembedwa ndi boma. Ananditumiza ku kiliniki yaing'ono ya cha ku Mburuma, m'boma la Luangwa. Anzanga anandiseka kuti ndikauma ngati nsomba ya pathandala, ndipo sananame, kumatentha.

Zida zanga zinali sitetosikopu, makina a BP, tochi ndi timatabwa topanira lilime poyang'ana kukhosi. Wamkulu wathu anali Sista Phiri, mayi wosachedwa kukalipa koma wodziwa ntchito yake.

Chaka chachiwiri ndinatomera Lusiya, mtsikana wa m'mudzi wapafupi. Amayi ake, amai Njobvu, anali ndi chithokomiro, chotupa cha pakhosi chija, kuyambira ali mtsikana, ndipo ankachiphimba ndi mpango. Palibe amene ankadabwa nacho, pakuti ena amakalamba nacho bwinobwino. Tsono kumeneko mkamwini ndi apongozi amaopana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, kuyang'anana m'maso ayi, nanji kukhudzana. Ine ndinkafunitsitsa kuti anditame kuti ndine mwana woleredwa.

M'mawa wina, Sista atapita ku sikelo ya ana m'midzi, amai Njobvu analowa m'chipinda changa chopimiramo odwala. Anakhala chammbali kuyang'ana khoma, ine maso pa khadi.

"Atata, mau yasila," anatero mosasa, kutanthauza kuti mawu atha. "Na chakulya chikana kupita."

Buku lathu la zachipatala limati uime kumbuyo kwa wodwala, uike zala pakhosi, umuuze ameze malovu. Ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma sindinawapemphe n'komwe kuti amasule mpango. Ndinalemba kuti ndi zilonda za kukhosi, ndinawapatsa mapiritsi, n'kuwalangiza kudya mchere wa ayodini. Anaomba m'manja kuthokoza, ine n'kupuma kuti ndapulumuka.

Patapita masabata asanu abale awo anabwera nawo pa ngolo. Kupuma kwawo kunkalira ngati mluzu, ndinakumva ndili pakhonde. Sista anamasula mpango uja. Chotupa chinali chitakula mpaka kukankhira kholingo kumbali, ndipo chinali ndi mphini zatsopano za kwa sing'anga.

Sista anawerenga khadi, n'kundiyang'ana. "Unagwira pakhosi?"

"Ni apongozi anga, Sista."

"Manje ulemu wako uwapumitse. Gwira."

Dzanja langa linaima m'malere. Amai Njobvu, amene anali asanandiyang'anepo kumaso, anandigwira pamkono n'kuika zala zanga pakhosi pawo. Panali polimba ngati mwala. Chithokomiro wamba chimakhala chofewa ndipo chimakwera munthu akameza, koma ichi sichinasunthe. M'mbali mwa khosi munali timibulu tolimba. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Tinawakhazika tsonga, tinawaika okosijeni, ndinalemba kalata yowatumiza kwa madokotala aakulu. Ambulansi yochokera ku Boma inawatenga masana omwewo, Lusiya atawachirikiza kumsana chifukwa akagona chagada mpweya unkatsekeka.

Ku Lusaka anawaboola pakhosi n'kuika kachubu kopumira, anadula kanyama kukapima, kenaka anayamba kuwotcha chotupacho ndi makina. Dokotala anauza Lusiya kuti inali khansa ya chithokomiro ya mtundu woopsa kwambiri. Anati imakonda achikulire, kawirikawiri amene akhala ndi chotupa zaka zambiri, imakula m'masabata ochepa, ndipo ambiri samaliza chaka ngakhale athandizidwe msanga. Lusiya anandiuza izi pofuna kunditonthoza. Sizinanditonthoze. Mwina moyo wawo sindikanaupulumutsa, koma akanapita ku Lusaka akuyenda okha, akuyankhula, ndipo akanatsazika ana awo ndi pakamwa pawo. Masabata asanu aja ndinawadya ndine.

Atabwerera kumudzi tinafulumizitsa ukwati kuti auone. Anakhala pampando pansi pa mtengo, ataonda, kachubu kataphimbidwa ndi kansalu koyera. Pamene amayi ena anayamba nthungululu, nawonso anakweza dzanja kukamwa monga amachitira mayi wa mkwatibwi. Sipanatuluke mawu. Anamwalira chimanga chisanakhwime.

Mwambo sindinausiye, ndipo ndikakumana ndi azakhali a mkazi wanga panjira ndimapatukabe. Koma munthu akalowa m'chipinda changa n'kunena kuti mawu asasa kapena chakudya chikukana, kaya ndi mfumu, kaya ndi apongozi, ndimagwada, ndimapepesa, ndimasamba m'manja, kenaka ndimamugwira pakhosi.