Mutu Wometa Theka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anandisiya ndi mutu wometa theka. Tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Gadzema, m'dziko la Achishona, kumene fumbi lofiira linkalowa ndi m'mano momwe. Bambo anali mchona wa ku Nyasalande. Anabwera wapansi ali mnyamata, ndipo kwawo sanabwerereko.

Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ankandikhazika pa chitini pansi pa mtengo wa mango, n'kundipaka sopo kumutu, n'kutulutsa lezala. Dzanja lawo linali lokhakhala ngati mwala wonolera. Akangondigwira pakhosi ankayamba: "Ukatsika pa boma la Dedza, ulunjike kotulukira dzuwa. Mtsinje woyamba uwoloke, wachiwiri usawoloke, uutsate." Kenako ankatchula mudzi, dzina la mlongo wawo, dzina la amalume awo, n'kuti, "Bwereza." Ankadziwa kuti mwana amene ali ndi lezala pamutu sangathawe.

Ine zinkandinyansa. Ku mpira anzanga Achishona ankatinena kuti mabwidi, anthu opanda kwawo, ndipo ndinkalakalaka nditangokhala ngati iwo. Ndinkabwereza ndi pakamwa pokha, mtima uli kwina.

Lamlungu lina bambo akundimeta, anzangawo anabwera kudzasuzumira pa mpanda, akuyeserera kalankhulidwe ka bambo. "Achimwene! Achimwene!" Bambo atati ndibwereze, ndinayankha m'Chishona, mokweza kuti a pa mpanda amve: "Handidi. Kumusha kwangu ndekuno." Sindikufuna, kwathu ndi konkuno.

Sanandimenye. Anapukuta lezala pa buluku, n'kulikulunga m'kapepala kake.

"Chabwino. Ukadziwa kwanu ubwere ndidzamalize."

"Abambo ake, mwanayu ayenda bwanji chonchi?" anatero mayi ali pakhomo.

"Ayenda ndi miyendo."

Ndinayendadi. Ndinapita kwa a Zuze, nkhalamba ya ku Mozambiki imene inkasoka nsapato kumapeto kwa komboni. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anamaliza kundimeta. Nditabwerera kunyumba mutu uli mbee, bambo anandiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso pa njinga imene ankakonza. Kuyambira pamenepo ankandimeta ali chete. Kunkangomveka kukwecha kwa lezala.

Chimenechi chimandipsetsabe mtima mpaka lero. Ine ndinali mwana, iwo wamkulu. Akanandikwapula, akanandimana chakudya, bola akanapitiriza kunena. Koma anasankha kukhala chete, ndipo ine ndinayesa kuti ndapambana.

Patapita zaka zochepa chifuwa cha mumgodi chinawatenga. Pa maliro a mchona panali lamulo: akuluakulu ankanena mbiri ya malemu pamanda, kenako n'kutumiza uthenga kumudzi kuti abale alire ndi kumeta. Koma anzawo a bambo anali a m'maboma ena, ndipo ankangowadziwa ndi dzina la pantchito, a Sipanela. Mayi anabadwira pa famu kufupi ndi Chegutu, Nyasalande ankangoimva. Choncho a Jumbe, mkulu wa maliro, anandiitana pakati pa anthu.

"Mnyamata iwe, bambo ako ankatiuza kuti njira anakuphunzitsa. Tiuze mudzi."

Ankawauza choncho! Ndinaimirira. Ndinatchula Dedza. Ndinatchula kotulukira dzuwa, mtsinje woyamba, wachiwiri. Ndinatchula mlongo wawo, Nabanda. Pa dzina la mudzi panali poyera ngati pamutu panga tsiku lija.

"A Nabanda ku Dedza ndi ambiri, angadzaze lole," anatero a Jumbe motsitsa mawu. Uthenga sunapite. Palibe amene anameta kwawo chifukwa cha bambo anga. Mwina mlongo wawo anakalamba akuyang'anabe kunjira.

Kuwerenga ndinakuphunzira ndili kale ndi ana, pa sukulu ya akuluakulu, nthawi imene ndinkagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Kadoma. Chimene chinandipititsako n'dzina la mudzi lomwelo. Ndinkabwereka mapu n'kumatchula mokweza mayina a midzi, poganiza kuti limodzi lindigunda pamtima. Onse ankamveka ngati lomwelo, onse ankamvekanso achilendo. Ndafunsa m'mabasi, m'maliro, m'misika. Ndatopa.

Tsopano ndimakhala ku Chinengundu, m'tawuni ya Chegutu, kwa mwana wanga, ndipo manja amanjenjemera moti amandimeta ndi mdzukulu wanga Rudo, ndi makina amagetsi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona. Mwezi watha akundimeta ndinayamba kumuuza za Dedza ndi mitsinje iwiri, za a Sipanela amene dzina lawo lenileni linali Kamwendo Banda. Ndinalankhula nthawi yaitali osamva yankho. Nditacheuka ndinaona tizingwe ta foni tili m'makutu mwake.

Ndinamugwira dzanja. "Zimitsa makinawo."

"Sekuru, hafu chete yasara," anatero, kuti kwangotsala theka.

"Litsale. Mutu uwu sumaliza mpaka ubwereze zimene ndanena."

Anaseka, poyesa nthabwala. Ndinanyamuka n'kupita kumsika kukagula fodya ndili choncho. Amayi ogulitsa tomato anagwira m'mimba ndi kuseka, anyamata oitanira makombi, maminibasi akuno, akundikuwiza. Mwana wanga anandidandaulira kuti ndikuchititsa banja manyazi. Tsiku lililonse ndinkakhala pakhonde ndi mutu wangawo, ndipo Rudo akamadutsa ndinkayambanso: "Ukatsika pa boma la Dedza..."

Mapeto ake anabwera ndi makina, nkhope itakwinyika. Anabwereza zonse, lilime likupunthwa, n'kufunsa kuti, "Nanga mudziwo, agogo?"

"Umenewo ndinautaya ine. Iwe gwira zotsalazi."

Ndi njira yoduka, sifika pakhomo pa munthu. Koma ndazindikira kuti mbiri ya banja siitayika tsiku limene mwana wakana kumva. Imatayika tsiku limene wamkulu wasiya kunena. Rudo adzandimetanso Lamlungu, ndipo afune asafune, ndidzayambanso.