Chipewa cha msilikali wa ku Chile

Chaka changa choyamba ku Coventry ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo. Pa rota yanga, ndandanda wa anthu amene ndinkawayendera, panali bambo ena a ku Chile, okhala okha m'fulati ina ku Hillfields. Ndinkafika m'mawa kudzawasambitsa, kuwaveka ndi kuwapatsa mankhwala.

Pa unyamata wawo adali msilikali. Adathawa kwawo asilikali anzawo atalanda boma, poti iwo adakana kuloza mfuti anthu akwawo. Komabe usilikaliwo sudawachoke mumtima. Pakhoma panali chithunzi chawo ali kusukulu ya asilikali, atavala chisoti chansonga pamwamba, mfuti yaitali ili paphewa. Ankandiuza kuti chisoticho ndi kagubidwe koponya mwendo wosapinda adatengera kwa Ajeremani. Ankasimbanso za chipululu cha kumpoto kwa dziko lawo, kumene mchenga unkalowa m'mfuti, m'nsapato ndi m'mano momwe.

Nkhanizi zinkandikomera pa chifukwa changa. Kumudzi ndidapita kawiri kukayesa mwayi wolowa usilikali. Kuthamanga ndinkathamanga bwino, koma pofika poyeza msinkhu ankandibweza, amvekere ndafupika. Nditawaululira bambowa, sadandiseke. Adandipatsa ndodo yawo yoyendera, nkundiphunzitsa kagwiridwe ka mfuti pa perete. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha kopolo wawo. Ndinkatuluka m'fulatimo nditatukula chifuwa.

Kenako bambowo adagwa m'bafa, ndipo ofesi idati tizipita awiri. Mnzanga amene adandipatsa anali mwamuna wa ku Zambia, wamtali, wofatsa, wongofika kumene. Tsiku loyamba adaima patsogolo pa chithunzi chija.

"Iyi mfuti imalowa zipolopolo zisanu," adatero. "Ukawombera, umakoka chitsulo ichi kumbuyo."

Bambo aja adadzuka nkukhala tsonga pabedi, chinthu chimene ine ndinkachita kuwanyengerera.

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinali msilikali kwathu, bwana."

Basi, ukopolo wanga udathera pomwepo. Ankacheza za mizinga, za kulemera kwa chikwama pa ulendo wautali, za mantha a tsiku loyamba kuwombera. Ine ndili kubafa kutsuka beseni, makutu ali kwa iwo. Ndikati ndiponyepo mawu, bambowo ankangondigwedezera mutu monga achitira ndi mwana, maso ali kwa mnzangayo. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti munthuyo sankadzitama nkomwe. Akadakhala wamatama ndikadapeza pomudera.

Tsiku lina m'mawa bambo aja adandituma kukatenga kabokosi pamwamba pa wadiropu. Ndidachita kukwera pampando. M'kabokosimo munali chipewa chawo chotuwa cha usilikali, chimene adathawa nacho. Miyezi yonse ija anali asadandionetsepo. Adachilandira m'manja mwanga nkuchipereka kwa mnzangayo.

"Ichi chikhale ndi msilikali," adatero.

Mnzangayo adakana kawiri, kachitatu nkulandira. Tili mu basi yopita kwa kasitomala wina kufupi ndi Walsgrave, adandifunsa m'Chinyanja chake:

"Bakamba, mwakhala zii lelo. Muli che bwino?"

"Mutu," ndidayankha.

Lamulo la pantchito linkaletsa kulandira mphatso. Masana omwewo ndidaimbira manijala. Ndidalankhula ngati munthu wodera nkhawa kampani, mawu ofewa, oyamba ndi kupepesa.

"Za chipewazo?" adatero mayiyo. "Mnzanuyo wabwera nacho kale kuno. Wapempha kuti tichipereke kwa mwana wamkazi wa bambowo. Koma zikomo potiuza."

Ndidadula foni. Ndidaima pa siteji mpaka mabasi awiri kundidutsa.

Sindidziwa ngati manijala adamuuza. M'mawa mwake mnzangayo adandipatsa moni monga mwa masiku onse, nkundigawira mandasi amene mkazi wake adakazinga. Ndidalandira nkudya. Ndidaganiza zopempha kuti andichotse pa rota ya ku Hillfields, koma sindidafune kuti mnzangayo atsale yekha ndi bambowo. Choncho ndidapitiriza kutsuka beseni.

Patapita miyezi itatu, mwana wawo uja adawatenga kukakhala nawo ku Smethwick. Tsiku lotsanzikana bambowo adandigwira dzanja nkundithokoza kuti ndili ndi manja ofewa, sindidawapwetekepo powasambitsa. Kenako adachitira mnzangayo sailuti, iye nkubwezera ataima njo.

Masiku ano timapemphera tchalitchi chimodzi ndi mnzangayo. Ana ake amanditcha ankolo, ndipo iye ndi amene adandithandiza kusamutsa katundu nditapeza nyumba ina. Ndi munthu wabwino, sindingakane. Za foni ija sindidamuuzebe.