Ndinafufuta ukwati wa eni ake pothamangira disiki yatsopano

Inu owerenga, ine ndinafufuta ukwati wa munthu ndi chala changa chomwechi, popanda wondikakamiza. Chinandipweteketsa ndi mtima wofuna kukhala woyamba kugwira chinthu chatsopano.

Nthawi imeneyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndinkajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kashopu kanga kanali pa Boma ku Phalombe, koma ntchito yambiri inali kumidzi, choncho laputopu yanga inkayenda pakabaza sabata ndi sabata. Amene mumaidziwa misewu yathu mvula ikangotha mukudziwa mmene katundu amakhutchumukira. Hadi disiki ya m'laputopumo inayamba kulira kuti ke-ke-ke, ine mtima osakhala m'malo. Ndinalinso ndi disiki ina yaikulu yapadera, momwe ndinkasungira maukwati onse amene ndinajambulapo. Iyoyo inkangokhala pashelefu, sinandivutepo. Pa ukwati uliwonse ndinkadzitama nayo, kuuza eni ake kuti DVD yawo ikadzawonongeka adzangobwera, ine ndimasunga.

Ndiye mlamu wanga wa ku Joni anandiuza pafoni kuti kwatuluka disiki ya mtundu wina yotchedwa SSD, yopanda chozungulira mkati, yosaopa mabampu. Iye yemweyo anandichenjeza kuti ndidikire kaye, chifukwa zinthu zikangotuluka zimadula, komanso malo ake anali ochepa kwambiri. Mkazi wanga anati mango oyamba pamsika ndiwo amadula, chonsecho ndi owawasa. Ine ndinangomuyankha kuti za makompyuta azisiyire eni ake.

Ndinagulitsa mpunga umene tinakolola chaka chimenecho, koma sizinakwane. Apa m'pamene ndinachita zopusa. Ndinagulitsa disiki yaikulu ija kwa mphunzitsi wina, ndipo ndisanaipereke ndinafufuta zonse zinali momwemo. Ndinati aliyense DVD yake anatenga kale, nanga ndikusungiranji katundu wa eni? Matepi a kamera nawo ndinkangojambuliramo mobwereza.

Ndisaname, kanthuko katafika kankagwira ntchito. Laputopu inkayaka msanga, mabampu osaimva. Koma ukangoikamo maukwati awiri basi kadzaza, ndiye ndinkangokopera pa ma DVD n'kufufuta, kukopera n'kufufuta.

Patapita miyezi, kunabwera mayi wina wa ku Nazombe, mwana ali kumbuyo. Ndinawajambula ukwati wawo zaka zitatu m'mbuyomo. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira atadwala masiku ochepa chabe, ndipo chichitikire maliro mayiwo ankapita kwa neba kukaonera DVD ya ukwatiyo mpaka inakalika. Tsopano inkaima pamalo pomwe mkwati wangolandira maikolofoni kuti athokoze anthu. Mayiwo ankafuna ina, kuti mwanayo akadzakula adzamve mawu a bambo ake.

"Paja munati mumasunga, achimwene," anatero.

Ndinawapempha kuti akhale pabenchi, ine n'kuthamangira kwa mphunzitsi uja. Ndinapeza disikiyo itadzaza kale ndi mayeso a ana ndi nyimbo zakwaya. Ndinayesa kupukuta DVD yawoyo, ndinayesa kuikopera m'laputopu yanga yothamangayo, koma inkangoima pomwepo, bamboyo atatsegula pakamwa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinawauza zoona zonse.

Mayiwo sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anakulunga DVD ija pampango, n'kuimirira.

"Basi, tizimuonera pomwe amaimapo," anatero, n'kutuluka.

Chaka chisanathe mlamu wanga anandiuza kuti ma SSD aja atsika mtengo, ndipo otuluka kumene ndi okulirapo. Ndikanadikira pang'ono, ndikanagula osagulitsa disiki yanga, mpunga ukanatsalako, ndipo mayi aja ndikanawapatsa chimene ndinalonjeza.

Ndiye mukandifunsa ngati chipangizo chatsopano chimayenera mtengo wake woyamba, ine ndimati dikirani, sichithawa, mawa mudzachipeza chitatsika. Ngati chimene muli nacho chikugwira ntchito, musachigulitse pofuna kuonekera. Makamaka inu amene anthu anakusungitsani zinthu zawo, musafufute musanawafunse. Mwana uja pano ndi mnyamata wamkulu. Timakumana pamsika, amandipatsa moni mwaulemu, koma mawu a bambo ake sakuwadziwa, ndipo amene anawafufuta ndine.