Tsiku Limene Ndinatsuka Eyakoni ndi Mpope wa Kumunda

Ntchito yosamalira maeyakoni inandipeza pansi pa mtengo wa mango ku Nkhulambe, pamene ndinkakonzera njinga. Tsiku lina kunabwera bambo wina akukankha njinga yamoto, tcheni chitaduka, thukuta lili kamukamu. Ndinalumikiza tchenicho, koma ndisanachibwezere ndinachitsuka ndi palafini, mfundo imodziimodzi.

"Wakuuzani ndani kuti mutsuke, achimwene?" anafunsa.

"Palibe. Chinangoda basi."

Anaseka. Anati dzina lawo ndi a Mulimba, ndipo amaika ndi kukonza makina oziziritsa m'nyumba. "Ndikusowa munthu wodana ndi fumbi. Lolemba mundipeze pa boma." Ndinapalasa njinga kupita kunyumba ndikuimba, moti mkazi wanga anaganiza kuti ndalawa.

Mpaka nthawi imeneyo eyakoni ndinkangoimvera ku banki. Sindinkadziwa kuti ili ndi mbali ziwiri. Ya m'nyumba imauzira mphepo yozizira, ndipo ya panja, chibokosi chokhala ndi fani, imataya kutentha. Kumbuyo kwa chibokosicho kuli koilo: timapaipi tamkuwa todutsa m'timalata topyapyala ngati pepala, tondandana mothinana. Timalatato tikatsekeka ndi fumbi, kutentha kumasowa kotulukira, kompuresa, injini ya makinawo, imapsa mtima n'kudzizimitsa.

Miyezi itatu ndinkayenda ndi a Mulimba m'maofesi, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zochepa za pa boma. Ndinaphunzira kuthimitsa swichi ya pakhoma, kutsimikiza ndi tesita kuti moto wachokadi, kumasula chivundikiro ndi sikuludiraiva, kusesa koilo ndi burashi yofewa motsata timalata osati mopingasa, kupopera sopo wake wathovu, kudikira, kenako kutsuka ndi paipi. Ntchito iliyonse ikatha ndinkathamangira m'nyumba kukaima kutsogolo kwa makinawo. Sindinkatopa nako kumva mphepo imene ndaibweza ndi manja anga.

Tsiku lovuta linabwera mu Okutobala. A Mulimba anali ku Blantyre kokagula zipangizo. Cha m'ma naini anandiimbira. "Kwa mayi Chikopa eyakoni ikungozima. Amuna awo ndi odwala, sangadikire mawa. Pitani nokha. Gasi wa m'makinamo musakhudze."

Ndekha! Ndinamangirira bokosi la zipangizo pakaliyala, ulendo.

Mayi Chikopa anali mphunzitsi wopuma. Amuna awo anachita sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi, sankadzuka, ndipo ana awo ndiwo anagula eyakoniyo. Anandilowetsa kuchipinda. Munali ngati mu uvuni. Bambowo anagona chammbali, nkhope ili noninoni, akupuma pakamwa.

"Namwino anati thukuta likukulitsa zilonda za kumsanazi," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Masiku awiri tsopano. Mwanangu, muikwanitsa?"

"Ndiyesetsa, amayi."

Kuseri kwa nyumba ndinapeza chibokosi chija, pambali pake pali mulu wa makoko a nandolo. Banjalo linali litangokolola, ndipo ankapunthira pomwepo chifukwa panali mthunzi. Fani inali itakokera mungu ndi tizinyalala tonse m'koilo, mpaka timalata sitinkaoneka. Panali pataphimbika ngati bulangete.

Mlamu wawo wa mayi Chikopa, a Dickson, anaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba. "Gasi watha ameneyu, musadzivute. Kapena ndikupatseni burashi yawaya mukhule?"

"Yawaya ingaphwanye timalatati, bambo. Ndiloleni nditsuke kaye."

Ndinathimitsa swichi, ndinayesa ndi tesita, ndinayamba kumasula chivundikiro. Sikuluu yachitatu itangotuluka, munatuluka mavu. Anali atamanga chisa pakona. Imodzi inandiluma pachikope, ina pakhosi. Podzidzimuka ndinakhwekhwereza sikuludiraiva pakoilo, timalata tinapindika malo aakulu ngati chikhatho. A Dickson ndinawaona ali kale kuseri kwa khola la mbuzi, nsapato imodzi itatsala panjira.

Tinayatsa chiguduli patali ndi makinawo, utsi unathamangitsa mavuwo, ndinagwetsa chisa ndi ndodo. Diso linayamba kutupa. Ndinasesa koilo ndi burashi, zinyalala zinadzaza beseni. Ndinalumikiza paipi kumpopi n'kutsegula. Unangolira mluzu. Madzi kunalibe kuyambira dzulo lake.

Ndinakhala pa njerwa, mutu uli zweee. Kuthira ndi ndowa kukananyowetsa mawaya. Ndiyeno maso anagwa pa mpope wopopera mbewu, wobereka kumsana, uli pakhonde.

"Amayi, mpope uwo munapopera chiyani komaliza?"

"Mankhwala a nandolo. Koma unatsukidwa."

Ndinautsukanso katatu ndi sopo. Amayi awiri oyandikana nawo anapita kumjigo n'kubwera ndi zidebe. Ndinakulunga mawaya ndi mota ya fani m'jumbo, ndinapopera sopo wathovu, ndinabereka mpope, ndinayamba.

Apa ndinalakwitsa. M'phuma langa ndinapopera kuchokera kunja. M'malo motuluka, fumbi lotsala linasanduka phala n'kulowa mkati mwenimweni. Nditaunika ndi tochi, kuwala sikunadutse ngakhale pang'ono. Ndinatsala pang'ono kuimbira a Mulimba kuti ndalephera. Koma ndinaganiza za bambo aja ali chigonere, ndinamasula fani yonse n'kuiika pa mkeka. Ndinalowetsa ndodo ya mpope m'kati mwa chibokosi, kupopera kuchokera mkati kupita kunja, mzere umodziumodzi kuyambira pamwamba.

Abale inu, zimene zinatuluka! Madzi akuda bii, kenako ofiirira, kenako otuwa. Amayi otunga madzi aja anayamba kuwerenga zidebe mokweza. Pa chidebe chachisanu ndi chiwiri madzi anatuluka oyera mbee. Ndinaunikanso, kuwala kunadutsa m'timalata tonse kupatula pamene ndinapinda paja. Ndinatenga chipeso cha timalata, chapulasitiki cha mano ang'onoang'ono, n'kuyamba kuwongola pang'onopang'ono, ndi diso limodzi, pakuti linalo linali litatsekeka. Mayi Chikopa ndinawauza kuti ndapinda ndine. Anangoti, "Wongolani, mwanangu."

Ndinadikira kuti ziume, ndinabwezera fani ndi chivundikiro, ndinachotsa majumbo, ndinakweza swichi. Zii. Ndinakwezanso. Zii.

"Magetsi azima kalekale!" anakuwa mayi wina ali kuseri kwa mpanda.

Tinadikira maola awiri pakhonde. Mayi Chikopa anandipatsa thobwa ndi nyemba za kalongonda, koma ndinkangoyang'ana babu la pakhomo limene ndinalisiya loyatsa. A Dickson anabwerera, nsapato zonse zili kuphazi, akunenabe za gasi. Itangodutsa folo koloko babu linawala. Ndinadumpha. Fani inazungulira, kompuresa inayamba kung'ung'udza, ndipo nditaika dzanja kutsogolo ndinamva mpweya wotentha ukutuluka mwamphamvu. Ndinawerenga mphindi. Zisanu. Khumi. Makumi awiri, osazima!

Ndinathamangira kuchipinda osagogoda n'komwe. Munali mukuzizira. Mayi Chikopa anali akupukuta amuna awo kumaso. Bambowo anandiyang'ana, anakweza dzanja lawo labwino lija, n'kuloza diso langa. Pakamwa pawo panapotoka, mapewa akugwedezeka. Ankandiseka. Mayiwo anagwira pakamwa, misozi ili mbwee. "Sabata yonse ino sanasekepo," anatero.

Ndisanachoke tinasamutsa mulu wa makoko ndi malo opunthira kupita mbali ina ya nyumba. Ndikanangotsuka n'kumapita, pakutha mwezi ndikanabweranso.

Lero ndili ndi bokosi langalanga la zipangizo. Ndikafika pakhomo sindithamangira sikuludiraiva. Ndimayamba ndazungulira nyumba, kuona chimene amapuntha, kumene amasesera, kumene nkhuku zimagona. Kenako ndimafunsa kuti m'chipinda chimene makinawo amaziziritsa mumagona ndani, chifukwa munthu ameneyo ndiye amene ndabwera kudzamugwirira ntchito.