Maso a Laison ndi Zilembo Zonenepa

Inu amene mwangokhala pansi n'kumati zanu zinada, tamvani za Laison wa ku Nambuma.

Cha m'ma 1930, Laison anamuthamangitsa pasukulu ngati galu wakuba mazira. Mlandu wake unali maso. Zilembo za m'buku zinali zoonda ngati miyendo ya udzudzu, iye akayang'ana ankangoona utsi. Mphunzitsi anati mwanayu ndi mbuli. Mbuli anali mphunzitsiyo, ndanena ndanenanso! Koma mwana wamasiye womunenera analibe.

Malume ake anati akalowe utenanti ku esiteti ya fodya. Laison anakana, n'kukapempha ntchito kunyumba yosindikizira mabuku ya pamishoni. Kapitawo wa kumeneko, a Elifasi, anamupatsa tsache.

"Uzisesa mpaka mvula igwe. Ikakupeza usanadziwe kuwerenga, uzipita ku fodya kwakoko. Muno sitisunga munthu wosaona chilembo."

Posesa, Laison anapeza bokosi la zilembo zamtovu zakalekale, zonenepa, zokhala ndi timapazi kunsi ndi tizipewa kumutu. Zinatayidwa pakona chifukwa zinkadya inki ndi mapepala. Masana anzake akamapuma, iye ankazipapasa ndi chala, kuzidinda pa tizidutswa ta mapepala, n'kumafunsa mayina ake. Ankamuseka. Iye osaleka, mwana wa eni.

Mitambo itayamba kuda, panabwera ntchito ya buku la nyimbo za m'tchalitchi. A Elifasi anadinda tsamba limodzi kawiri, lina ndi zilembo zoonda zatsopano, lina ndi zonenepa zija, n'kuwakhoma onse pachitseko. Antchito anakangana za tsamba loyenera kudinda mpaka mate kuuma, osamvana.

"Iwe mfuko, siya tsachelo," anatero a Elifasi. "Ima apo. Werenga."

Laison anayang'ana tsamba loyamba. Utsi wokhawokha. Fungo la fodya wa ku esiteti linamufika m'mphuno. Atatembenukira lachiwiri, zilembo zinaima chilili ngati amayi pamtondo. Anawerenga mzere woyamba mwachibwibwi, wachiwiri bwinoko. Pofika wachitatu anaizindikira nyimboyo, n'kungoyamba kuimba mokweza, misozi chuchuchu.

A Elifasi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Basi! Ngati mfuko yawerenga, agogo a ku Kabudula angalephere bwanji m'tchalitchi chawo chamdima chija? Mapepala athe, tidinda ndi zonenepazi."

"Nanga ine, bambo?"

"Iwe kasambe m'manja. Inki sagwirizana ndi fumbi."

Mvula inagwa Laison ali mkati, akusanja zilembo zodindira. Kuyambira pamenepo, tsamba lililonse linkayamba lakhomedwa pachitseko kuti iye aliwerenge. Akati "sindikuona," ankaliphwasula n'kuyambiranso. Anakalambira pomwepo, akuphunzitsa ena ntchitoyo.

Tsono inu mukulira chiyani? Chimene anthu akukusekerani lero mwina ndi chomwe wina akuchisowa. Pukutani kumaso, dzukani mukagwire tsache lanu. Osataya mtima, mwamva?