Thobwa la Apongozi

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pa msika wa Kamwendo, ndikugulitsa zitumbuwa za azakhali anga. Mayi wina wovala bwino anaima n'kundifunsa ngati mafuta amene ndinakazingira anali atsopano. Ndinawauza zoona, kuti ndi a dzana. Sanagule, koma anatenga nambala yanga. Patatha sabata ndinali wophika m'nyumba mwawo, pa boda ya Mchinji.

Anthu ankawatchula kuti make Tadala. Ankakonza mapepala a katundu wa mathiraki pa kasitomu. Anali ndi matenda amene ine ndinali ndisanawamvepo. Madokotala a ku Lilongwe anawauza kuti m'thupi muli timaselo totchedwa masiti, tomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi adani, koma tawo tinkapsa mtima ndi chakudya wamba. Akadya cholakwika, khungu linkatuluka zidzolo, milomo n'kutupa, mpweya n'kuyamba kubanika.

"Esinati, ndakutenga chifukwa sunama," anatero tsiku loyamba. "Pano bodza laling'ono likhoza kundipha."

Anali ndi mapoto awoawo awiri, mthiko ndi chipande zomangidwa ulusi wofiira kuti zisasakanikirane ndi za abambo, amuna awo, ndi za mwana wawo Tadala. Tinayamba ndi zakudya zochepa zomwe sizinkawavuta: mpunga, mbatata, maungu ndi nkhuku yophedwa tsiku lomwelo. Chatsopano chilichonse tinkachiyesa pachokha, supuni imodzi, n'kudikira masiku atatu tisanayese china. Ine ndinkalemba m'kope chimene adya, nthawi yake, ndi mmene thupi layankhira. Usipa wouma, tomato ndi mkute zinali zoletsedwa, koma mdani wamkulu anali chilichonse chosasa. M'chikwama mwawo munkakhala jakisoni wa pangozi, ndipo anandiphunzitsa pobaya pake, pa ntchafu.

Ndinaikonda ntchitoyo, ndisaname. Tsiku limene therere linadutsa masiku atatu popanda chidzolo, tinavina awiri m'khitchini ngati openga. Anandiuzanso chinsinsi. Dokotala anati nthawi zina vutoli limayenda m'magazi, ndipo malemu mayi awo ankatupa chimodzimodzi. Abambo ankadziwa, koma kuchimuna kunalibe wodziwa. Ankaopa kuti adzati abweretsa nthenda pa mtundu, adzayamba kumuyang'ana Tadala ndi diso lina.

Loweruka lina m'mawa, abambo ali ku ntchito, apongozi a make Tadala anatulukira kuchokera kwa Mavwere ndi chigubu cha thobwa lomwe linali litagona masiku awiri. Anakhala pakhonde, anathira m'kapu, analawa kaye okha monga timachitira kwathu, kusonyeza kuti mulibe choipa, kenako anapereka kapuyo ndi manja awiri.

"Imwani, make Tadala, ndaphikira inu."

Aliyense wokulira kuno akudziwa tanthauzo la kukana chakumwa chimene mwini wake walawa kale. Ndiye kuti ukumuganizira ufiti. Ndinayesa kulowererapo, ndinati, "Amayi, mwangomwa kumene mankhwala." Make Tadala anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti nditseke pakamwa. Anamwa kapu yonse.

Sipanatenge nthawi. Milomo inatupa, maso anatsekeka, mpweya unayamba kulira ngati mluzu. Agogo aja ankangokuwa. Ine ndinakhuthula chikwama, ndinabaya jakisoni pa ntchafu, ndinathamangira ku msewu kukaimitsa galimoto. Ku chipatala anesi anati ndikanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Nditabwerera ndinalemba m'kope monga mwa masiku onse: thobwa, kapu imodzi, teni koloko.

Mawa lake make Tadala atatuluka m'chipatala, tonse tinakhala pabalaza. Apongozi anafunsa, "Kodi ndi thobwa langa lija?"

"Ayi, amayi," anayankha make Tadala, osandiyang'ana. "Ndi mtsikanayu. Sindikudziwa chimene anaika m'ndiwo."

Ndinathamangira kope kuti lindiikire umboni. Tsamba la Loweruka linali litang'ambidwa bwinobwino, mpaka m'mphepete. Abambo anangoti zyoli. Amene aja ankadziwa zonse, koma anasankha kuyang'ana nsapato zawo.

Ndikanatha kuulula chinsinsi chija pomwepo. Mawu anafika pakhosi, koma Tadala anali ataima pakhomo akumvetsera, ndipo ndinawameza. Ndinalongedza zovala zanga masana omwewo.

Nkhani inafika ku Kamwendo ine ndisanafike. Ankati Esinati anathira mankhwala m'chakudya cha bwana wake chifukwa ankafuna banja. Zitumbuwa za azakhali zinkabwerera ndi beseni lodzaza mpaka anandipempha kuti ndisamakhalenso pa benchi. Kuchotsedwa ntchito sikunandipweteke kwambiri. Chinandipweteka n'chakuti munthu amene ananditenga chifukwa sindinama ndi yemwe anandinamizira, ndipo anatero ndi mpweya umene ndinamubwezera ine. Mpaka lero ndikaganiza, mtima umandiwira.

Panapita zaka ziwiri. Ndinapeza ntchito yophika pa lesitilanti ina ya Msilamu pa boma, munthu amene sanasamale za mphekesera. Tsiku lina masana ndinangoona make Tadala ataima pakhomo la khitchini, ataonda.

"Esinati, mwana wayamba kutupa. Palibe amene amadziwa zinthuzi ngati iwe. Bwerera."

Ndinawafunsa ngati apongozi awo anauzidwa zoona za tsiku lija. Anayang'ana pansi. Ndinawafunsa kumene Tadala amapita pa holide. Anati kwa Mavwere, kwa agogo ake.

Sindinabwerere. Koma mwanayo sanandilakwire, choncho ndinatenga pepala n'kulemba zonse zimene ndinkadziwa: mapoto apadera, supuni imodzi, masiku atatu, zakudya zoyenera kupewa mpaka dokotala amuone. Ntchito ija inandiphunzitsa kuti ukhoza kutsuka mapoto mpaka kuwala, koma wodwala satetezeka ngati omukonda sakudziwa chimene chingamuphe. N'chifukwa chake pamwamba penipeni pa pepalalo, pamalo poti sangang'ambe popanda kuononga zonse, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: uzani agogo ake.